Nyimbo Yoikira Maluwa

"Pali tsamba lachiwiri," anatero a Hedlund, mkulu wa ofesi yokonza maliro, akunyambita chala kuti atembenuze pepala.

Ingemar Rask anali atalowetsa kale mkono umodzi m'jekete. Anaima choncho, mkono wina uli panja, chifukwa kwa iye msonkhano unali utatha. Tsamba loyamba anali atathana nalo. Mayi ake, a Majken, omwe anamwalira Lamulungu ali ndi zaka 82, anasiya kalata ku ofesiyi chaka chatha, monga amachitira okalamba osafuna kuvutitsa ana. Kalatayo inati bokosi likhale la paini wosapaka utoto, pasakhale zolankhulalankhula, ndipo kumaliro kubwere anthu asanu ndi awiri okha. Mayina anawandandalika, la Ingemar lili pamwamba, ndipo zimenezo Ingemar anaona kuti n'zoyenera.

Vuto linali loti Lolemba m'mawa iye anali atatumiza kale chidziwitso ku nyuzipepala. Chinatuluka chachikulu ngati chikhatho, chili ndi mtanda, vesi, ndi mawu akuti onse amene anawadziwa mayi ndi olandiridwa. Pansi pake panali dzina lake, ndipo pansi pa dzinalo, mwa zilembo zing'onozing'ono koma zowerengeka bwinobwino, panalembedwa kuti mphunzitsi wamkulu. Ingemar anafotokozera a Hedlund kuti mayi anali odzichepetsa mopyola muyeso, ndipo ndi udindo wa ana kuteteza makolo ku kudzichepetsa kwawo. Mlongo wake Pernilla anapitiriza kuyang'ana kalatayo. Pernilla amayendetsa basi ya ku Karlstad, ndiye anazolowera kumva anthu akudzilankhulira okha kumbuyo kwake.

A Hedlund anawerenga tsamba lachiwiri ndi mawu awo a ntchito, aja osakwera osatsika. Nyimbo ziwiri za m'buku la tchalitchi, zomwe aliyense kuno amaikidwa nazo. Koma pa nthawi imene anthu amapita kutsogolo mmodzimmodzi kukaika duwa pa bokosi, limba likhale chete, paimbidwe nyimbo ya pa intaneti. Adiresi ya tsambalo mayi anailemba ndi zilembo zikuluzikulu zoongoka, zomwe analembera mabotolo a mankhwala zaka 38 ku famase ya m'tauni. Nyimbo nambala 412.

Ingemar anamwetulira ngati munthu amene wamva kuti mwana wakhanda wapempha nyuzipepala. Anati mwina ndi kwaya ina ya ku Norway, aitsegule timve.

Tsambalo dzina lake linali Kabati ya Poizoni. Linadzaza ndi zithunzi za zimbale zakale, zambiri zongooneka kapepala ka pakati kothimbirira, koma zina zili ndi makava a akazi amene zovala zawo zinkaoneka kuti zinatsalira kwa telala. A Hedlund anapeza nambala ija n'kudina.

Posakhalitsa mawu a mkazi, okhakhala ngati a munthu amene anayamba kusuta fodya ali kumsana, anadzaza chipinda chimene nthawi zonse chimanunkhira makandulo. Ankaimba Chingerezi cha ku America, ndipo tsoka lake Ingemar anaphunzitsapo Chingerezi zaka khumi ndi zisanu. Nyimbo inali ya mwamuna wobweretsa malasha kunyumba kwa mkazi wina, mwini nyumba ali ku ntchito. Za malasha zinathera mu mzere woyamba. Zotsalazo zinachitikira pa tebulo la kukhitchini, ndipo woimbayo sanasiye kanthu koti womvera aganizire yekha. Chapakati mawu anatha, panangotsala kupuma, lipenga likubuula, woimba ng'oma akutsanzira miyendo ya tebulo. Kumapeto mkaziyo anaseka chikhakhali chochokera m'mimba, n'kuuza mwamunayo kuti ulendo wina azivula masokosi.

A Hedlund anakhala manja ali pamodzi, mutu utapendekeka pang'ono, monga amakhalira pomvera nyimbo iliyonse imene banja lasankha. Nyimbo itatha ananena kuti ndi ya mphindi ziwiri ndi masekondi 41, n'kulemba pa fomu. Pernilla anali atatembenukira ku zenera, mapewa akugwedezeka. Ingemar anafuna kukhulupirira kuti akulira.

Masana omwewo anapita ku nyumba ya mayi. A Majken anali atadzikonzekeretsa imfa mwa chizolowezi cha amayi a kuno: zaka zitatu akugawa, akutaya, akupukuta, kuti ana asadzapeze chonyamula. Makabati anali opanda kanthu, akununkhira sopo. Chilichonse chotsala chinali ndi kapepala ka dzina la wochilandira, ngakhale chotsegulira zitini. Makalata a malemu amuna awo anali atawotchedwa kalekale. Mayi anasesa moyo wawo wonse mpaka m'makona, kupatula pa intaneti.

Kompyuta imene inali m'nyumbamo anawagulira ndi Ingemar yemwe, bambo atamwalira, kuti aziona zithunzi za zidzukulu ndi za nyengo. Tsopano anakhala patsogolo pake, jekete osavula, akugwira mbewa ya kompyutayo ndi zala ziwiri. Nyimbo zinalipo mazana asanu ndi limodzi ndi zingapo. Otsatira tsambalo analipo oposa anthu a m'tauni yawo yonse, kuphatikizapo akumanda. Pa nambala 1 mayi anafotokoza chiyambi. Anati tsiku lina anafuna kumvanso nyimbo ina imene anavinapo ku paki ali mtsikana. Makinawo anawapatsa nyimboyo, kenako anawalozera ina, kenako ina, ndipo pofika nthawi ya nkhomaliro anali atazindikira kuti akhala zaka makumi asanu ndi awiri pakhonde la nyumba yaikulu osalowa mkati.

Pansi pa chimbale chilichonse panali timawu tawo, m'Chingerezi cha kusukulu, tolunjika ngati malangizo a pa botolo. Pa jazi wina wa 1936 analemba kuti woimba lipenga anali ataledzera, koma woimba mawu sanaledzere, choncho alibe chowiringula. Kamodzi pa tsiku, mutadya. Pa nyimbo ya rockabilly ya mnyamata wina wa ku Arkansas analemba kuti zimbale zinadindidwa mazana awiri, mawailesi onse anakana, mnyamatayo akubuula ngati ng'ombe yobereka koma gitala ndi yabwino; sungani patali ndi ana. Pa nyimbo ina ya soul anangoti yosayenera anthu a mtima wofooka ndi oyendetsa makina. Pa 412 analemba kuti woimbayo ndi Verdell Hatch, anajambula mu 1954 kuseri kwa sitolo ya mipando, sanajambulenso ina, ndipo palibe munthu anasekapo chonchi pa chimbale.

Ingemar anatsegula zisanu, iliyonse masekondi ochepa, ngati munthu wonunkhiza mapaketi a mkaka kuti adziwe wowawasa. Onse anali owawasa. Awa anali mayi amene ankanyamuka kukaika khofi pamoto anthu akayamba kupsompsonana pa kanema, mayi amene anamuphunzitsa kunena kuti kumbuyo m'malo mwa matako. Iye anakamba za iwo kangapo pa misonkhano ya makolo, monga chitsanzo cha m'badwo umene unkadziwa manyazi. Ndipo apa panali bambo wina wa ku Osaka akuwatchula kuti mfumukazi, wina wa ku Bilbao akuthokoza kuti nambala 305 inapulumutsa ukwati wake, osachita manyazi kufotokoza mmene inaupulumutsira. Ingemar anapita kubafa, n'kusamba m'manja kawiri ndi kasopo kamene kanalembedwa dzina la Pernilla.

"Zimenezi sitiimba m'tchalitchi," anatero atabwerako.

"Ahedi alamula," anatero Pernilla, akukulunga makapu m'nyuzipepala.

"Usanditchule choncho m'nyumba ya mayi."

"Mwadzitchula nokha, achimwene. Nyuzipepala yake ndi iyi apa, ndikukulungira kapu."

Ingemar anafotokoza, ataimirira pakati pa chipinda ngati pa asembule, kuti kubwera anthu. Kubwera wapampando wa komiti ya maphunziro ku khonsolo, kubwera aphunzitsi, kubwera amayi a gulu losoka la kutchalitchi amene ena mwa iwo mtima wawo ukuyendera batire. Anati ukalamba umachita zinthu mu ubongo, ndipo si chikondi kuika poyera zimene munthu anachita nzeru zitayamba kufooka. Pernilla anamufunsa ngati wapezapo pamene mayi analakwitsa chaka kapena kalembedwe. Pernillayo anavomera kuti iyenso sankadziwa za tsambali, ndipo zina mwa nyimbozo n'zonyansadi, nambala 233 yamuthetsera chilakolako cha soseji mpaka Khirisimasi. Koma kalata ndi kalata.

"Chofuna choyamba mwaphwanya kale," anatero. "Mukaphwanyanso chachiwiri, ndiye tikuika ndani? Mayi, kapena mayi a mphunzitsi wamkulu?"

Anawonjeza, osakweza mawu, kuti nyimboyo ikapanda kutuluka m'sipika ya tchalitchi idzatuluka m'foni yake, ndipo foni yake imamveka mpaka kumpando womaliza wa basi.

Ali pomwepo belu la pakhomo linalira. Anali mkulu wina wamtali, wotsimphina, tsitsi lochepa limene linatsala atalipaka mafuta n'kulipesera kumbuyo. Pamsewu anaimika chigalimoto cha ku America cha zipsepse, chachitali ngati ngalawa. Anati dzina lake ndi Sölve, wabweretsa kiyi. Dzinalo Ingemar analikumbukira: linali lachisanu ndi chiwiri pa mndandanda, ndipo iye ankaganiza kuti ndi msuweni wina wa ku Torsby.

A Sölve anavula nsapato pakhomo mosafunsa, n'kuziika pamalo pamene zinkaoneka kuti zinazolowera. Anati iwo ndi amene ankatsuka zimbale ndi kuzijambulira mu kompyuta, popeza manja a Majken ankanjenjemera pa singano ya galamafoni. Zimbalezo a Majken ankaziitanitsa kulikonse kumene azipeza pa intaneti, zina zikufika zitakulungidwa m'malaya akale. Chilimwe chatha anazigawa zonse. Kumene anapeza zidzukulu za woimba, anatumiza kwa zidzukuluzo. Zina zinathokoza, zina sizinayankhe, ndipo mdzukulu mmodzi, dikoni ku Alabama, anachibweza.

Ingemar anafunsa, ndi mawu amene amafunsira ana ogwidwa ndi fodya kuseri kwa holo, ngati a Sölve ndi amene anawalowetsa mayi ake mu zimenezi.

"Ine?" A Sölve anakanda khosi. "Ine ndinkangodziwa nyimbo za magalimoto. Zinazo anandiphunzitsa ndi mayi anu. Nthawi zina ndinkachita kuwapempha kuti asandimasulire."

Anati ankakumana Lachinayi lililonse: khofi, mabanzi a sinamoni, zimbale zisanu ndi chimodzi. Ingemar anadikira kuti amve zotsala. A Sölve anayang'ana makabati opanda kanthu aja nthawi yaitali, n'kunena kuti zotsalazo a Majken anazisesa kale. Anaika kiyi pa tebulo la kukhitchini. Ingemar anazindikira kuti tebulolo sangathenso kuliyang'ana bwino, ndipo linali ndi kapepala ka dzina lake.

Chiyembekezo chomaliza chinali abusa. M'mawa mwake anapita ku ofesi ya tchalitchi atavala tayi, ali ndi mawu a nyimbo ija atawalemba pa pepala, ena atawaphimba ndi timizere. Abusa Norén anali mayi wa tsitsi la imvi lometa lalifupi, ankadya apulo. Anawerenga pepalalo mpaka pansi, n'kunena kuti pa mzere wachisanu ndi chitatu a Rask anamva molakwa, mawu enieniwo ndi oipirapo.

Ingemar anakamba za kupatulika kwa nyumba ya Mulungu. Anakamba bwino, iye mwini anadzimva. Abusa anamvetsera mpaka apulo anatha. Kenako anati m'tchalitchi chimenechi anaikamo munthu ndi nyimbo ya timu ya mpira, wina ndi nyimbo ya pa kanema wa ana, ndiponso mkulu wina wodula mitengo amene anapempha kulira kwa makina ake, ndipo denga silinagwe. Zimene zili m'nyimboyi, anatero, zilimonso m'mabuku ena a Chipangano Chakale, kungoti kumeneko kulibe lipenga. Sakanaisankha iwo, koma si maliro awo. Kuletsa sangaletse. Ngati banja likufuna kusintha, banja lisinthe, koma lisanene kuti abusa akana.

Ingemar anatuluka ali ndi mkwiyo wa munthu amene wapita kukasuma n'kupatsidwa ufulu. Anayenda kuzungulira bwalo la tauni kawiri. Pa ulendo wachitatu anapeza njira, ndipo anaikonda chifukwa inali ya munthu wodziwa kuyendetsa zinthu. Nyimbo iimbidwe, kuti Pernilla asatulutse foni ndiponso pasapezeke wonena kuti iye sanamvere mayi. Koma iimbidwe kamodzi, motsitsa kwambiri, mwakuti a kumbuyo azingomva ngati ntchentche m'botolo. Ikatha, limba lipitirize. Anauza wosamalira tchalitchi za kutsitsa. Anauza woimba limba za kupitiriza. Aliyense anamuuza mbali yake yokha, chifukwa sankafuna kukamba nkhaniyi motalika ndi wina aliyense.

Maliro anachitika patatha masabata atatu, Lachisanu masana, chipale chikusungunuka n'kusanduka matope. Chidziwitso chija chinagwira ntchito. Mabenchi anadzaza mpaka pansi pa khonde la limba. Ingemar anawerenga mitu mwakabisira, anafika pa mazana awiri n'kusiya, ndipo kwa kanthawi anamva kukoma. Wapampando wa komiti, mayi Bergwall, anabwera ndi nkhata yaikulu. Amayi osoka anadzaza mabenchi atatu, aliyense duwa lake lili pa miyendo.

Nyimbo ziwiri za m'buku zinayenda bwino. Abusa analankhula mwachidule, n'kukhala pansi. Wosamalira tchalitchi anadina. Ingemar ananyamuka woyamba. Piyano inkamveka chapatali, yodekha, yoti munthu angaiyese ya Sande sukulu. Anaika duwa, anawerama pang'ono, anati zikomo mayi monga mwa mwambo, n'kubwerera. Atangokhala pansi, Verdell Hatch anatsegula pakamwa.

M'sipika munkatuluka kaphokoso kochepa ndithu. Ingemar anatsala pang'ono kudziyamikira. Kenako anaona mitu ya imvi ikudzuka, umodzi umodzi, ngati nkhuku zamva kabawi. Anaiwala waya. Tchalitchi chilichonse kuno chili ndi waya wozungulira pansi pa mabenchi, umene umatumiza mawu molunjika m'timakina ta m'makutu ta osamva bwino, ndipo sipika itsike bwanji, wayawo sutsika. Iye mwini anasainira pempho loti wayawo uikidwe. Theka la anthu m'tchalitchimo linali la zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, ndipo onsewo nyimbo ankaimva ngati mkaziyo wawakhalira pa phewa. Achinyamata, poona nkhope za akuluakulu, anatchera khutu nawonso. Chingerezi kuno amachidziwa ndi aliyense. Mwa zina, chifukwa cha Ingemar.

Pernilla anapita, ana ake awiri, mkazi wa Ingemar, mwana wawo, kenako a Sölve akutsimphina. Woimba uja anaseka chikhakhali chake, ananena za masokosi, a Sölve n'kukhala pansi. Kunagwa bata. Ingemar anatembenuka kuyang'ana ku limba. Kunalibe munthu. Woimba limba, amene anagula mankhwala kwa a Majken kuyambira ali mwana, anali atatsika kuti akaike duwa lake msangamsanga, ndipo anapezeka kumapeto kwenikweni kwa mzere, kumbuyo kwa anthu mazana awiri. Anamuyang'ana Ingemar, n'kutukula mapewa mopepesa. Kuno munthu sadumpha mnzake pa mzere, ngakhale nyumba ikupsa.

Wosamalira tchalitchi anagwira ntchitoyo zaka makumi awiri, ndipo lamulo lake linali limodzi: anthu akamayenda ndi maluwa, pasakhale chete. Anauzidwa zotsitsa, ndipo anatsitsa. Za kamodzi sanauzidwe. Anadikira masekondi atatu, n'kudinanso.

Mwamuna wa malasha anabwera kasanu ndi kanayi.

Palibe amene anaseka, palibe amene anatuluka. Anthu anapita benchi ndi benchi, nkhope zili gwa, maso ali pa nsapato za wa kutsogolo. Pa ulendo wachitatu Ingemar anayesa kukodola wosamalira uja, koma iye anaona ngati akuuzidwa kuti sizikumveka, n'kukwezako pang'ono. Pa ulendo wachinayi mapazi a anthu anali atayamba kugwirizana ndi ng'oma eni ake osadziwa, mzere wonse ukuyenda mogwedezeka pang'ono ngati basi pa msewu wa miyala. Mayi Bergwall anafika pa bokosi pa nthawi yeniyeni ya kupuma ija. Anaima pamenepo atawerama, monga ayenera kuchitira wapampando, mpaka tebulo linasiya kugwedera. Mkulu wina wa khonsolo ya tchalitchi anatukula dzanja kukhudza kamakina ka m'khutu. Ingemar anamuthokoza mumtima, mpaka anaona kuti chalacho chikukweza mawu.

Iye anakhala mowongoka pa benchi yoyamba, thukuta likutsikira m'kolala. Pofika ulendo wachisanu ndi chiwiri mawu onse anali atawaloweza, ngakhale a mzere wachisanu ndi chitatu, ndipo anadziwa kuti adzafa nawo. Bokosi linakwiririka ndi maluwa. Woimba limba anaika lake pomalizira, anathamangira pamwamba, n'kuimba nyimbo yotulukira mwamphamvu ngati akutsuka makoma.

Ku holo ya tchalitchi kunali khofi ndi keke ya buledi ndi nsomba. Anthu anadutsa kumugwira chanza. Anati mwambo unali wabwino. Anati maluwa anali okongola. Anati mayi anu anali munthu wadongosolo. Mayi Bergwall anati zikomo potiitana, akuyang'ana tayi yake. Za nyimbo palibe anatchula, ndipo Ingemar anadziwa tanthauzo lake: nkhaniyi idzakambidwa m'makhitchini onse a tauni ino mpaka iye atapuma ntchito, ndipo pamaso pake sidzatchulidwa ngakhale kamodzi kuti ayankhepo. Anayang'ana mbale yake. Tinkhanu tofiirira ta pamwamba pa keke tinkaoneka tosavala. Anakankhira mbaleyo kumbali. Patebulo lina mayi mmodzi wa gulu losoka ankalemba kanthu pa kapepala kopukutira pakamwa, Pernilla akumutchulira chilembo chimodzichimodzi.

Ingemar anawapeza abusa m'kachipinda kopachika majekete, akusintha nsapato. Ingemar anatseka chitseko. Anati sakufuna kuloza chala munthu, koma abusa ankadziwa za waya, ankadziwa chizolowezi cha wosamalira tchalitchi, ndipo akanatha kumuchenjeza. Anati mayi ake sakanafuna kuti mwana wawo achititsidwe manyazi pamaso pa tauni yonse.

"Sakanafunadi," anatero abusa, akumanga chingwe cha nsapato. "N'chifukwa chake anati asanu ndi awiri."

Anati chaka chatha, chipale chitangotha, a Majken anabwera m'tchalitchi Lachiwiri lina masana, mulibe munthu, ali ndi kangolo kawo kotsamira poyenda ndi kawotchi kophikira mazira. Anapempha kuti awaikire mipando iwiri pamene pamakhala bokosi. Kenako anayenda kuchokera pa benchi yoyamba kukafika pa mipandoyo n'kubwerera, kasanu ndi kawiri, ulendo uliwonse mwa kayendedwe ka munthu wake. Pa Pernilla anaima nthawi yaitali, chifukwa ameneyo adzafuna kunena kanthu. Pa a Sölve anakoka mwendo. Zonse zinakwana mphindi ziwiri ndi masekondi makumi anayi, n'kutsala sekondi imodzi. Anabwereza katatu kuti atsimikize, akupumira pakati.

"Za inu ndi zimene zinawavuta," anatero abusa. "Anati, 'Ingemar ayambe. Masekondi makumi awiri oyamba ndi piyano yokha. Mwana ameneyu zotere zimamudwalitsa kuyambira ali wamng'ono. Aike duwa lake mawu asanayambe, aziti akakumbukira azikumbukira piyano.' Koma ndi kangolo kaja masekondi makumi awiri sankakwana, ndiye sakanadziwa ngati inu mudzakwanitsa."

Abusa anaimirira, n'kutenga chikhoti chawo pa msomali.

"Ndiye anakasiya kangoloko pambali. Ndinafuna kuwagwira, anandikana. Anatchera kawotchi, n'kuyenda okha mofulumira, chibwano m'mwamba, dzanja lili pa batani la jekete. Ndinakuzindikirani nthawi yomweyo."

Anatsegula chitseko, phokoso la makapu linalowa, n'kutuluka. Ingemar anatsala pakati pa majekete onyowa a anthu mazana awiri. Anayang'ana pansi. Dzanja lake linali pa batani. Analisiya pomwepo.